Dzina la Bambo, Kadontho, ndi Zilembo Zitatu

Kalata inafika Lachiwiri, mvula ikukwapula Montevideo,
zala zanga zili guluu yekhayekha,
ndikumata mvukuto wa akodiyoni ya mwini.
Inachokera ku Geneva. Masamba makumi anayi.
Tsamba loyamba linanditcha woyankha mlandu.
Lachitatu linanditcha wakuba.

Akuti ndinaba dzina.
Olazar.

Dzinali lili pa chitseko cha shopu ino ndisanabadwe.
Bambo anga Evaristo analipenta okha,
chilembo cha z chinapendekeka
ndipo palibe analimba mtima kuchiwongola.
Lili pa kalata yanga ya ubatizo.
Lili pa mwala kumanda a ku La Teja
pomwe ndere zadya kale theka la O.
Mu 1999 Wilmar, mwana wa mchimwene wanga,
anati, Azakhali, tiliikenso pa intaneti:
dzina, kadontho, zilembo zitatu.
Ndinalipira. Chaka ndi chaka ndimalipira
ngati lendi ya kachipinda komwe sindinagonemo.

Iwo anabadwa dzana, ku Milan.
Amagulitsa mafuta onunkhira
m'timabotolo tooneka ngati misozi.
Wina pa msonkhano analawa dzinali pa lilime,
nati likukoma,
nalilembetsa kukhala chizindikiro cha malonda awo.

Poyamba anabwera chogwada: madola mazana atatu.
Ndinayankha kuti dzina la bambo silili pa msika,
ndipo mwanthabwala ndinawonjeza kuti
ngakhale mutabwera ndi miliyoni.
Nthabwala ija ndinakumana nayo pa tsamba la khumi ndi chiwiri
atayidula mutu ndi miyendo,
patatsala miliyoni yokha,
umboni woti ndine wadyera,
wobisa mayina a eni kuti adzawombole.

Masiku makumi awiri oti ndiyankhe, m'Chingerezi,
chinenero chomwe ndimangochiona pa makatoni a zipangizo.
Loya, mayi Irupé, ananena mtengo wawo akuyang'ana pansi.
Usiku womwewo ndinatsitsa akodiyoni ya bambo pamwamba pa kabati,
ija ya mabatani a chigoba cha nkhono.
Ndinaiimba kamodzi, moipa, zala zikuphonya.
M'mawa inapita ndi Mjeremani wotolera zakale.

Kenako kufukula.
Malisiti ofiira ndi ukalamba, ena mphemvu zitalawako,
makalata a oimba othokoza kuti chida chawo chapumanso,
chithunzi cha ine wa zaka zisanu ndi chimodzi
nditaima pansi pa z wopendekeka uja.
Ndinakwera basi mpaka kumanda
kukajambula mwala wa bambo
kuti akandiikire umboni.
Pepani, ndinatero, ndakudzutsani ndi mlandu.

Oweruza atatu. Nkhope zawo sindizidziwa,
nawonso sanamvepo mawu anga
kapena fungo la chikopa ndi phula m'shopu muno.
Patapita miyezi iwiri analemba:
dandaulo lakanidwa.
Analembanso kuti odandaulawo ankadziwa bwino
kuti ine ndinalipo iwo asanalote,
kuti anasandutsa bwalo la milandu chibonga
chothyolera chitseko cha munthu wosalakwa.

Ndinawerenga katatu, mtima uli m'mwamba.
Ndinafunsa mayi Irupé, Ndiye alipira zingati?
Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.
Palibe, anatero. Angotchulidwa.

Angotchulidwa.
Ine ndapambana chomwe ndinali nacho kale
Lolemba lija kalata isanabwere.
Pamwamba pa kabati pali malo opanda fumbi,
a ngodya zinayi,
ndipo ndikamasesa ndimawalambalala.

Wilmar akuti ku Thessaloniki kuli wophika buledi
amene sanayankhe, masiku makumi awiri atamuthera mu uvuni.
Dzina la agogo ake tsopano likugulitsa nsapato zothamangira.

Sabata yatha kwabweranso uthenga wochokera ku Milan,
waulemu, wofunsa za moyo wanga.
Madola mazana asanu.
Sindinayankhe.
Anthu osunga nthabwala m'mafayilo
sindisekanso nawo.
Ndinabwerera pa tebulo, ndinatenga mvukuto wina wong'ambika,
ndinauyandikiza ku tsaya
kuti ndimve pomwe mpweya ukuthawira.